Mkono Wamanja wa Nicasio

Bokosi lamaliro lija analikonzera timu ya Abuluzi. Linatha sabata lili kuseri kwa golosale ya Doña Casilda, pamwamba pa makireti a mowa, kudikira kuti Abuluziwo atuluke mu mpikisano wa besibolo, masapota a timu ya Njuchi alizunguze m'tauni akulira monyogodola monga amachitira chaka ndi chaka. Koma Loweruka masana Casilda anapeza amuna alitulutsira pakhonde, Chepe wakabaza akufufuta dzina la Abuluzi n'kulembapo la kochi wa timu yawo yomwe, Barinas.

Mlandu wa Barinas panalibe wosaudziwa. Dzulo lake, Njuchi zikutsogola, chikho chili pamphuno, kochiyo analowa m'bwalo n'kuchotsa woponya mpira wake, Wilkin, amene Abuluzi anali atakanika kumugoletsa. Wolowa m'malo mwake anangoponya kamodzi, mpira unamenyedwa n'kukagwera kunja kwa bwalo, zomwe mu besibolo n'chigoli, gemu n'kupita. Tsopano panatsala gemu imodzi, yamawa, yoti wopambana atenge chikho.

Wilkin ameneyu anali mwana wa Casilda, ndipo amene ankatsogolera chipwirikiti cha pakhondepo anali mwamuna wake, Nicasio.

"Kochi wanji wochotsa munthu amene akuwina?" Nicasio ankafunsa akumenya tebulo la domino ndi dzanja lamanzere. "Mwana wanga anali asanatuluke n'thukuta lomwe."

"Wadya za Abuluzi ameneuja," anatero Chepe. "Mimba ija sinatupe ndi nthochi zokha."

"Ayi akulu, akuti amawerengera mipira imene munthu waponya," anayankha wina wometa tsitsi, koma anamuseka mpaka anabisa nkhope m'botolo.

Cholinga chawo chinali kunyamula bokosilo mpaka ku ofesi ya timu, bambo wa Wilkin ali patsogolo, kukauza mwini timu kuti Barinas achoke ndipo mnyamatayo aponyenso mawa. Casilda ankadziwa kuti zikhoza kuthekadi. Mwini timuyo anali munthu woopa phokoso, wochotsa makochi ngati akusintha malaya. Ankadziwanso kuti Wilkin sangakane mpira bambo ake atamupempha pagulu.

Chimene amunawo sankachidziwa chinali foni ya m'mawa. Casilda anali akukanda nthochi zophika za kadzutsa pamene Wilkin anaimba, mawu ali pansipansi. "Amayi, chigongono chikuyaka. Kochi anaona ndikukutumula zala, n'chifukwa anandichotsa. Musauze munthu. Timu ya ku America imene ikundifuna ija ikamva, siinditenganso. Makamaka bambo musawauze, akalawa kachasu sasunga mawu."

Choncho Casilda anali ndi yankho lotseka pakamwa aliyense, koma analibe chilolezo cholitulutsa. Izi zinamupsetsa mtima kuposa penti amene ankadonthera pasimenti yake. Anapukuta manja, natuluka kuseri kwa kauntala, n'kukakhala pabokosi paja ndi thupi lake lonse, lomwe silinali lochepa.

"Doña, penti sanaume," anatero Chepe.

"Aumira pa ine. Barinas anachita bwino."

Onse anayamba kulankhulira limodzi. Wina anati azimayi ndi besibolo n'zotalikirana. Wina anati mowa amagulitsanso patsidya, ndipo ndi wozizira bwino.

"Pitani," Casilda anati. "Msewu sindinautseke. Koma bokosi ili lagona kwanga, ndipo silichoka ndi dzina limenelo."

"Mayi a Wilkin, mukundichititsa manyazi," anatero Nicasio. "Mungandiuze za kuponya ine? Tayang'anani apo."

Analoza chithunzi chimene chinali pamwamba pa firiji: iye ali mnyamata, atanyamulidwa pamapewa, chikho chili m'manja. Chaka chimenecho anaponya gemu ndi gemu osapuma, chifukwa kochi wa nthawiyo ankamvera masapota. Nkhaniyi tauni yonse inkaikonda, ndipo Nicasio ankailipiridwa mowa mpaka lero. Casilda yekha ndiye ankaidziwa mbali inayo, ndipo chithunzicho ankadana nacho ngati mkazi mnzake.

"Ndachiona, ndimachipukuta fumbi ndine," anayankha. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo a Wilkin. Awa akufuna chikho, ndipo Lolemba abwerera ku njinga zawo mikono ili bwinobwino."

"Tisavutane, tivote," anatero Chepe, amene ankadziwa kuti khamu lili kumbali yake. "Ofuna kuti Wilkin aponye mawa akweze mkono."

Mikono inakwera ngati nzimbe m'munda, ina itagwira mabotolo. Ngakhale wometa tsitsi uja anakweza wake, mwamanthamantha. Nicasio anakweza wake pamwamba kuposa onse, akumuyang'ana mkazi wake m'maso.

"Umenewo ayi," Casilda anati. "Wamanzere sunaponyepo mpira, ulibe voti. Kwezani wamanjawo."

"Mayi a Wilkin..."

"Kwezani. Mukaudutsitsa paphewa, ndidzuka ndekha, bokosili ndinyamula nawo, ndipo ndikalira kuposa nonsenu."

Wina anaseka, koma anasekera yekha. Nicasio anali munthu wouma mutu, ndipo pamaso pa anzake sakanabwerera m'mbuyo. Analuma mano, nayamba kuukweza. Mkono wokhota uja unanyamuka pang'onopang'ono, unafika pachifuwa, n'kuima pomwepo ukunjenjemera. Anapendeketsa thupi lonse kuti authandize, mitsempha ya m'khosi inatuluka, batani la malaya linamasuka, koma mkono sunasunthenso. Amuna amene anamwa naye zaka zonsezi anayamba kutsitsa yawo mmodzimmodzi. Ankadziwa kuti amamwa ndi dzanja lamanzere, koma palibe anadzifunsapo chifukwa chake.

Casilda zinamuwawa. Mwamunayu ankamukonda, ndipo anali atamuvula pagulu. Koma sanabweze mawu.

"Chikho chanu chija n'chimenecho," anatero. "Tsitsi ndimakupesani ndine. Zitini za pashelefu yapamwamba ndimatsitsa ndine. Manja ndili nawo awiri okha, ndipo onse anathera pa inu. Ndiuzeni amene adzapese Wilkin."

Nicasio anatsitsa mkonowo pougwirizira ndi unzake. Anamuyang'ana mkazi wake n'kufunsa motsitsa mawu, "Mwanayu wakuuzani chiyani?"

"Wandifunsa ngati mwadya."

Nicasio anamvetsa. Anatembenuka, n'kukhala pabokosi paja pambali pake, pa penti wosauma yemweyo. Matabwa analira koma sanathyoke.

"Ndiye titani nalo?" Chepe anafunsa, burashi ili lende m'manja.

"Tikadzuka ulembeponso Abuluzi," anatero Casilda. "Tikaluza mawa, udzalembepo langa. Kumanditukwana mumsewu ndingapirire."

Atatero anatembenukira mwamuna wake, namumangira batani lija monga ankachitira m'mawa uliwonse.