Nati ya Fundi Fakiri

"Iwe gwira tayala, pakamwa utseke," anatero Fundi Fakiri osadzutsa n'komwe mutu.

Lazaro, dalaivala wa bwana, anagwira tayala. Munali mu 1961, kuseri kwa nyumba yosungiramo mpunga ku Kota Kota. Galimoto ya bwanayo, mzungu wogula mpunga, inali pa jeke, ndipo Fakiri anali atangoika beyaring'i yatsopano m'gudumu lakutsogolo, lomwe linkalira ngati chigayo. Mkuluyu anali atakonza malole a kampani ya mpungayo zaka khumi ndi zisanu. Nyumba yomwe ankakhala ndi mkazi wake Madina inalinso ya kampani: ntchito ikatha, denga nalo latha.

Anamanga nati yaikulu mpaka kulimba, kenaka anaibweza pang'ono, monga ankachitira pa lole kuti gudumu lipume.

Lazaro anaona. Iye anagwirapo ntchito m'galaja ku Limbe, ndipo ankadziwa kuti galimoto iyi imakoka ndi magudumu akutsogolo. Nati yake sabweza, amamanga mpaka msana kuwawa.

"Fundi, komatu iyi..."

"Iyi yatani? Mwana wadzulo uphunzitse ine? Ndinkamasula malole kunkhondo iwe uli ndi mamina. Dalaivala ndi matako basi, nzeru zili kuno!"

Onyamula matumba anaseka mpaka kugwira nthiti. Lazaro anaseka nawo, koma mumtima munali mutapsa. Inde, fundiyo anali ndi pakamwa poipa, koma zimene anachita Lazaro, abale, n'zoipa kuposa. Anangoti, "Pepani. Mawu a akuluakulu akoma akagonera," natsitsa jeke.

Patapita masiku atatu, ananyamuka ulendo wa ku Benga: bwana kutsogolo, Fakiri kumbuyo ndi bokosi la zida. Lazaro sanazembe dzenje ngakhale limodzi. Atayandikira Chia gudumu linayamba kugogoda, chiwongolero chinanjenjemera, basi galimoto phava! m'ngalande ya mpunga. Bwana anamenyetsa mphuno pagalasi, magazi chuchuchu pamalaya.

"Ndani wachita izi?" anakuwa mzunguyo m'Chinyanja chake chopotoka.

Lazaro anagwada m'matope, nagwedeza gudumu ndi dzanja limodzi kuti asodzi omwe anathamangira pamalopo aone bwino. "Bwana, iyi si lole. Nati yake sabweza. Ku Limbe ngakhale wosesa m'galaja amadziwa."

Fakiri anatembenukira kwa Lazaro. "Wallahi, unkadziwa?"

"Ine ndi matako basi, fundi."

"Vula ovolosi ya kampani," anatero bwana, akuloza Fakiri. "Pompano. Lachisanu nyumba ikhale yopanda munthu. Zida atenge Lazaro."

Bambo waimvi anavula pamsewu, amayi otunga madzi akubisa nkhope. Anabwerera kuboma wapansi, atavala kabudula wamkati yekha. Manyazi anamupweteka kuposa mchenga wotentha wa mumsewu.

Lachisanu, anzake akupita kumzikiti, iye ankamanga mphasa ndi miphika. Nyumbayo bwana anali ataipereka kale kwa Lazaro, ndipo mkazi wake Rute sanadikire n'komwe kuti eni ake atuluke. Anafika ndi tsache lake, nazungulira kuseri komwe Madina analima chinangwa. Chinali chitafika m'chiuno, chobiriwira bwino.

Madina ankasenza mtolo womaliza pamene Rute anamuitana mwaulemu wonse.

"Amayi, musanapite. Chinangwachi munabzala mwezi uti? Ndisadzakumbe chosakhwima."