Mpando wa Loweruka

Loweruka lililonse m'mawa, aKalebe ankasesa pabwalo n'kutulutsa mipando iwiri pakhonde. Umodzi unali wawo, winawo wa mlendo. Akatero ankakazinga mtedza, n'kukhala pansi maso ali kumsewu wochokera ku Ntchisi Boma. Koma mwezi wina, mpando wachiwiri unkabwerera m'nyumba madzulo popanda woukhalira.

Chimwalirireni akazi awo, aKalebe ankakhala okha pamwamba pa chitunda. Ana awo anali kutali ndi ntchito: Rakele, woyamba kubadwa, ankaphunzitsa ku Mponela, Festus anali ku Lilongwe, ndipo mzime Abigail anali ku Kasungu. Atatuwa anagwirizana zoti aliyense azikhala ndi mwezi wake wokaona bambo awo ndi kuwaperekeza kuchipatala kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi.

Festus, katswiri wa zamakono m'banjamo, anakonza tebulo la pa intaneti lomwe onse ankaliona pa mafoni awo. Munali timabokosi ta mwezi, dzina la wopita, ndi tsiku la kuchipatala. Aliyense ankatha kulemba kapena kufufuta paliponse.

"Tonse ndife a bere limodzi, tikhomerana chiyani?" anatero Festus.

Anawo akaimba foni, aKalebe ankangoti, "Ndili bwino, mvula ikugwa bwino kuno." Amuna akale aja! Kwa iwo, kholo kufunsa mwana kuti ubwera liti kunali ngati kupemphetsa. Koma kunena zoona, ankasungulumwa kwambiri, moti masiku ena mawu awo ankangowamvera poitana nkhuku.

Amene anatulukira vutoli ndi aLines, alangizi a zaumoyo a m'deralo. Ataona kuti aKalebe sanaoneke kuchipatala, anakwera chitundacho ndipo anawapeza atagwira mutu.

"Odi agogo! Mankhwala aja alipo?"

"Anatha kalekale, mwanawe. Mutu ndiye ukungogunda."

"Nanga ana sanabwere?"

"Ali ndi ntchito. Msewunso ukuterera." Anakankha mpando uja. "Khalani apa. Papita nthawi usanamve kulemera kwa munthu."

ALines anaimbira Rakele, ndipo m'mawa mwake Rakeleyo anafika pa kabaza, kompyuta yake ili m'chikwama, matope mpaka m'mawondo. Ataona mmene bambo ake anaondera, misozi inalengeza. Anapita nawo kuchipatala tsiku lomwelo, koma pobwerera mtima unali utawira.

"Patebulo palembedwa Abigail," anauza aLines. "Ndamuimbira, akuti iye anaona dzina la Festus. Wina akunama!"

"Musafulumire, aphunzitsi. Nafenso kuntchito zinatichitikira zoterezi. Bwerani ndi kompyuta yanuyo, tikwere pachulu paja pamene netiweki imagwira."

Pachulupo, aLines anamuonetsa potsekula mbiri ya zosintha, pamene pamaoneka amene anasintha kanthu ndi nthawi yake. Zinapezeka kuti Festus, ntchito itamupanikiza, anafufuta dzina lake n'kulembapo la Abigail. Ankati amuimbira, koma anaiwala. Abigail anali ataona kale tebulolo lisanasinthidwe, ndiye anangokhala phee kudikira mwezi wake.

"Ndinadziwa ine! Festus ameneyu!" anatero Rakele.

"Taonaninso apa," anatero aLines mofatsa.

Tsiku la kuchipatala linali litafufutidwa, ndipo wofufutayo anali Rakele mwini wake. Chala chinangotsetsereka pafoni ali mu minibasi, iye osadziwa.

"Palibe woipa apa," anatero aLines. "Tebulo lomwe aliyense angasinthe paliponse, mawa simungalikhulupirire. Tiyeni tilikhome."

Popeza loko saletsa mwini tebulo kusintha, ndipo mwini wake anali Festus, Rakele anakonza tebulo latsopano m'dzina lake, n'kuitanamo abale ake awiri okha. Kenako anasankha timabokosi ta mayina ndi ta masiku a kuchipatala, nadina pamene pamanena zoteteza timabokosi, n'kusankha kuti wosintha akhale iye yekha. Ena ankatha kuwerenga, koma osasintha. Mzere umodzi anausiya wotsekula, nautcha Zopempha.

"Wofuna kusinthana azilemba mmenemu," anatero aLines. "Inu musasinthe dzina musanamve mawu a onse awiri pafoni. Ndipo muzisintha mutakhala pansi pakompyuta, osati mu minibasi. Kumbukiraninso kuti loko amaletsa kusintha, koma sabisa kanthu. Zachinsinsi za matenda a agogo musalembemo."

Festus atamva, anadandaula. "Ndiye kuti simukundikhulupiriranso, achemwali?"

"Nanenso ndinafufuta, Festus. Khola sititseka chifukwa chodana ndi mbuzi."

Kenako Festus anafunsa ndi mawu otsika, "Ababa ananena chiyani za ine?"

"Palibe. Ankangotulutsa mpando."

Mwezi wa Festus utakwananso, ntchito inamupanikiza ngati kale. Mwachizolowezi chala chinathamangira pa dzina lake, koma tebulo linakana. Analemba m'mzere wa Zopempha, n'kuimbira Abigail.

"Sizitheka achimwene, mwana wanga akudwala," anayankha Abigail.

Motero dzina la Festus linakhala pomwepo, likumuyang'ana. Anapempha tchuthi kuntchito, ndipo Loweruka anatsika kabaza m'munsi mwa chitunda, n'kukwera wapansi. AKalebe anamuonera patali. Sanafunse za mwezi uja. Anangopukuta mpando ndi chipewa chawo, n'kumupatsa mbale ya mtedza.

"Wafika bwino," anatero. "Ukadali wotentha."

Abale anga, ngati mumagwiritsa ntchito tebulo limodzi pa intaneti, kaya m'banja, kumpingo kapena kukalabu ya alimi, khomani timabokosi tofunika. Sankhani munthu mmodzi wosintha, siyani malo olembamo zopempha, ndipo zinthu zikasokonekera onani mbiri ya zosintha musanalozane zala. Kufufuta dzina m'kabokosi sikuchedwa, koma kuseri kwa kabokosiko kungakhale munthu amene wasesa pabwalo, watulutsa mpando, ndipo akudikira.