Madisiki a Nasima Akana Kulowa

Kompyuta yatsopano inakana madisiki a Nasima a pulogalamu yotayipira makalata. Anayesa katatu, koma sinawerenge ngakhale imodzi.

Munali mu 1992, chaka cha chilala. Nasima ndi mwamuna wake Fikirini anali ndi kaofesi kotayipa makalata ku Chileka. Makina awo akale ankangozimazima, ndiye anagula ena, a mtundu wina, kwa mzungu amene ankabwerera kwawo. Apa n'kuti anamwino a ku Lirangwe akudikira timapepala tophunzitsa amayi kadyetsedwe ka ana.

"Musadandaule, amake Sefu," anatero Fikirini. "Mnzanga Wilkins ali ndi pulogalamu yolowa m'makina ngati awa. Atikopera mawa."

Mtima wa Nasima sunakhazikike. Anapita kwa aneba awo, a Yobu, amene ankakonza makompyuta pakampani ina ya katundu kubwalo la ndege. A Yobu anabwera n'kupempha katoni imene munabwera madisiki aja. Pansi pake anapezamo pepala.

"Iyi ndi layisensi," anatero. "Chimene munagula ndi chilolezo chogwiritsa ntchito pulogalamuyi pakompyuta imodzi, ya mtundu umodzi. Ya a Wilkins ndi yawo. Mukakopa, mwaphwanya pangano, ndipo ikakuvutani palibe amene adzakuthandizeni."

"Ndiye tigulenso mwatsopano, achimwene?" anafunsa Nasima.

"Iyayi. Apa alemba kuti mutha kusintha. Tengani pepalali ndi madisiki akale, mupite kusitolo imene munagula ku Blantyre. Akakupatsani yolowa m'makina atsopanowa, yotuluka kumene, pamtengo wotsika. Koma mukasayina kuti yakale ija mwafufuta."

Fikirini anakwinya nkhope. "Zimenezo ndiye ayi. Makina akalewa ndinalonjeza mng'ono wanga Selemani."

"Makina mupatseni, ndi anu," anayankha a Yobu. "Koma pulogalamu isatsalemo. Layisensi imodzi singakhale pawiri."

"Nanga timapepala ta ku Lirangwe?" anafunsanso Nasima.

"Malizirani pamakina akale. Chilolezo chidakali pomwepo mpaka tsiku losayina."

Nasima anachita zomwezo. Makina anazima kawiri, iye n'kuyambiranso, koma pofika Lachinayi timapepala tinali titakwera basi ya ku Lirangwe. Lachisanu a Yobu anafufuta pulogalamu ija, Fikirini akuyang'ana monyinyirika. Kenako banjali linapita m'tauni. Wogulitsa anaona nambala ya layisensi, anawasayinitsa, n'kulandira madisiki akale.

Atsopano anafika patatha milungu itatu, pamodzi ndi layisensi ya dzina la Nasima. Makina atsopano aja anawawerenga ulendo woyamba womwewo, ndipo makalata ake akale onse anatseguka. Fikirini ndiye anali woyamba kuuza Selemani kuti akagule layisensi yakeyake.

Mukafuna kusintha kompyuta kapena kupeza pulogalamu yatsopano, yambani mwawerenga layisensi yanu, poti malamulo amasiyana. Isungeni bwino, funsani kumene munagula, ndipo musakope ya mnzanu.