Masewero Amene Anakana Kutha ku Drumcondra

Ntchito ya zomangamanga itatha mu 2009, Cuthbert Msowoya anakhala miyezi isanu ndi iwiri ali pakhomo ku Mulhuddart, kutsidya kwa nyanja komwe anasamukira. Kenako kampani ina yosamalira okalamba inamulemba, n'kumutumiza ku Drumcondra kwa a Aloysius Furlong, bambo wa zaka 84 amene ankakhala okha. Mwana wawo Patricia, yemwe ankabwera madzulo akaweruka, anamusonyeza buku lofiira la pakhitchini.

"Chilichonse chachilendo muzilemba umu," anatero Patricia. "Adokotala akufuna kudziwa ngati mutu wa bambo ukusokonekera. Zikapitirira, tiwapezera malo ku nursing home, kosungirako okalamba."

Lachiwiri lina mu June 2010, Cuthbert akuweruka cha m'ma 7, anasiya a Furlong akuonera tenisi ya ku Wimbledon, ku England. Pa TV panali anyamata awiri ovala zoyera, wina wamtali ngati mtengo wa magetsi. Cuthbert sanasamale. Mtima wake unali ku World Cup ya ku South Africa.

Lachitatu masana anawapeza pampando womwewo, anthu a pa TV ali omwewo.

"Akubwereza za dzulo?" anafunsa.

"Ayi, ndi masewero omwe aja. Sanathe."

Cuthbert anapita kukakonza tiyi. Atabwera nambala zinali 14 kwa 14. Anachapa mbale, n'kusintha zofunda, n'kupeza 23 kwa 23. Iye ankadziwa chinthu chimodzi chokha cha tenisi, chimene anachimva kusekondale ku Rumphi: seti, chigawo cha masewerowo, imathera pa 6, ikavuta pa 7.

"Bambo Furlong, nthawi yoyenda yakwana."

"Sindidzuka pano mpaka wina apambane."

"Nanga apambana akafika pa zingati?"

"Palibe nambala."

"Masewero opanda nambala yothera?"

"Akhoza kusewera mpaka Khirisimasi," anatero mkuluyo, maso ali pa TV.

Cuthbert anawayang'anitsitsa. Sabata yathayo mkuluyo anali ataika magalasi awo mufiriji. Mwina TV inkaonetsa zakale, iwo n'kumayesa zikuchitika. Mwina nambalazo zinali za chinthu china, monga kuwerenga mipira imene yamenyedwa. Anawafunsa tsiku, iwo anangomukupiza ndi dzanja ngati ntchentche. Anakana kusamba, chakudya anadyera pamiyendo. Pochoka Cuthbert, nambala zinali zitadutsa 40, ndipo mutu wake womwe unali utayamba kuzungulira. Anatsegula buku lofiira n'kulemba kuti a Furlong asokonezeka kwambiri lero, akukhulupirira kuti masewero a dzulo akadali mkati ndipo sadzatha, akana kuyenda ndi kusamba.

M'mawa mwake pa siteji ya basi anakumana ndi Kebby, mnzake wa ku Chipata ku Zambia amene ankagwira ntchito yaulonda pamaofesi a makampani.

"Mudala, mwaona zija za tennis? 59 kwa 59, mdima unawagwira. Lero apitiliza."

"Apitiriza chiyani?"

"Match yamene ija ya pa Tuesday."

Cuthbert anamutsutsa. "Koma seti imathera pa 6."

"Seti zinazo, ee. Akafika 6 kwa 6 amachita tiebreak, kagemu kachidule, monga mapenate. Koma seti yomaliza ku Wimbledon kulibe zimenezo. Uyenera kumusiya mnzako ndi magemu awiri."

"Ndiye kulikonse ndi choncho?"

"Ku France na ku Australia ni so. Ku America amadula na tiebreak."

"Masewero amodzi, malamulo awiri?"

Kebby anangoseka, basi yake n'kufika.

Ulendo wonse wa ku Drumcondra Cuthbert ankayesa kuzimvetsa. Ngati wina ali ndi 59, mnzake 59, ndiye wina n'kupeza 60, bwanji osatha? Chifukwa mnzakeyo apezanso 60. Nanga onse akakomoka? Anaphonya siteji yake, n'kubwerera wapansi.

Anapeza galimoto ya Patricia ili panja, chinthu chosachitika masana. Mayiyo anali pakhitchini, buku lofiira lili chotsegula, maso ali ofiira.

"Ndapempha tchuthi kuntchito," anatero. "Ndaimbira adokotala, abwera mawa. Ndinkadziwa kuti tsikuli lifika, koma osati msanga chonchi."

Cuthbert anavula jekete pang'onopang'ono. Ntchitoyi anali asanaigwire chaka, ndipo anthu ofuna malo ake anali ambiri.

"Mayi Patricia, wosokonezeka ndinali ine. Bambo ananena zoona. Masewerowo sanathedi."

"Mukutanthauza chiyani? Tenisi ya masiku atatu?"

"Inenso sindikuimvetsa bwino. Akuti seti yomaliza ilibe mapenate."

"Mapenate? Mu tenisi?"

"Si mapenate enieni. Ku America aliko, koma ku England kulibe."

Patricia anamuyang'ana ngati nayenso akufunika adokotala. Kuchipinda chochezera kunamveka mawu a a Furlong: "Mukafuna kundikambirana, bwerani mudzandikambirane kuno. Akulowa m'bwalo."

Anakhala atatu pa sofa. A Furlong anawafotokozera modekha, ngati mphunzitsi wa Standade 1, kuti aliyense mwa anyamatawo ankapambana gemu imene iye wayambitsa mpira, n'chifukwa chake panalibe wosiya mnzake ndi awiri. Patricia anafunsa funso lomwelo kawiri. Cuthbert anawomba m'manja pa 63 kwa 62 poyesa kuti zatha, mkuluyo n'kumuuza kuti akhale pansi. Patadutsa ola limodzi, wamtali uja anamenya mpira umene mnzake sanaufikire, n'kudzigwetsa chagada pa kapinga. Zinathera pa 70 kwa 68.

"Tsopano ndikhoza kusamba," anatero a Furlong.

Patricia anaimbiranso adokotala kuti asavutike kubwera. Sanakadandaule kukampani. Anangopempha Cuthbert kuti akawona chachilendo aziyamba wamuimbira foni asanalembe. A Furlong anakhalabe m'nyumba mwawo zaka zina ziwiri, Cuthbert akuwasamalira, ndipo nthawi zina akakwiya naye ankamufunsa ngati akudziwa kuti lero ndi lachingati.