Mafupa a Pansi pa Ng'anjo

Anafika ku Tsangano nthawi yokumba mbatatesi, atanyamula kachikwama ndi khasu lakelake. Sananene kumene wachokera. Anangoti dzina lake ndi Janeti ndipo akufuna ganyu m'munda wa a Yoramu basi, ngakhale kuti minda ina inali pafupi ndi msewu.

Evance, mwana wamwamuna wa a Yoramu, anamukonda mtsikanayo asanamalize n'komwe mzere woyamba. Janeti sankalankhula zambiri, ndipo Chichewa chake chinkamveka cha kutsidya kwa malire. Akamapuma, maso ake ankakhala kumapeto kwa munda, kumene kunali chimulu cha dongo lopsa chomera udzu. Imeneyo inali ng'anjo yakale, mmene makolo ankasungunuliramo chitsulo Angoni asanabwere, mfuti isanamveke m'dziko muno.

Nkhani ya ng'anjoyo ankaidziwa aliyense pabanja la a Yoramu, ndipo Evance anamufotokozera tsiku lina akusankha mbatatesi zowola. Anati kalekale munda umenewu unali wa mkazi wina. Mwamuna wake, mmisiri wa chitsulo, anali mkamwini pamenepa, ndipo ankagwira ntchito ndi mng'ono wake. Tsiku lina mmisiriyo anasowa. Mng'ono wakeyo analumbira kuti anamuona mkaziyo akukankhira mwamuna wake mumtsinje wodzaza. Mtembo sunapezeke. Mkaziyo anamuthamangitsa pamodzi ndi ana ake, dzina lake analetsa kulitchula, ndipo munda unatsala m'manja mwa mng'ono uja, kholo la a Yoramu.

Janeti anafunsa ngati akazi ankafika pa ng'anjo. Evance anaseka. Anati mkazi akangoyandikira, chitsulo sichinkatuluka, ndipo mpaka lero amayi ake, ngakhale amaimba kwaya ku tchalitchi, amalambalala pamenepo.

Kukumba kutatsala pang'ono kutha, Evance anamuuza za ukwati. Janeti sanakane.

"Koma ndikupempha chinthu chimodzi," anatero. "Ukumbe pansi pa ng'anjoyo. Ine sindingafikepo, ndine mkazi."

Evance anaganiza kuti ndi mayeso a chikondi chabe. M'mawa mwake anatenga khasu, Janeti ataima patali pakati pa mizere. Pansi pa ng'anjo panali pouma gwa ngati mwala, chifukwa moto unapapsereza zaka zambirimbiri. Ataswa pamenepo anapeza miyala yafulati yoyalidwa bwino. Atainyamula anaona mafupa a munthu wopindidwa miyendo. Chigaza chinali chosweka kunkhongo, ndipo m'menemo munali mutakanirira nkhwangwa yodyeka ndi dzimbiri.

Evance anakhala pansi. Mtsinje sunatenge munthu aliyense. Amene anamuika mmisiriyu apa anamata dongo pamwamba pake n'kupitiriza kukoleza moto, pamalo pamene mkazi sakanapondapo. Pa ng'anjoyi ankagwirapo ntchito anthu awiri okha.

A Yoramu anabwera atamva kugogoda kwa khasu. Anasuzumira m'dzenjemo kwa nthawi, kenako anamuuza mwana wawo kuti akwirire. Anati nkhaniyi ikamveka, adzukulu a mkazi uja atulukira kuchokera kutsidya kudzalanda munda, ndipo ku msika wa Lizulu anthu azidzawaloza zala.

"Bambo, mkazi uja tinamunamizira," anatero Evance.

"Tinamunamizira? Unalipo iwe? Munda uwu ndi umene unakuphunzitsa sukulu. Kwirira."

Apa Janeti analankhula, ali chiimire pomwe analipo. Anati munda palibe amene akuufuna. Chofunika n'chakuti aitane anthu a pamudzi, aone mafupawo, ndipo wina wa pabanjapo anene pagulu kuti mkazi uja sanaphe mwamuna wake. A Yoramu anamuyang'ana ngati akumuona koyamba, n'kunena kuti waganyu salowerera nkhani za eni munda.

Janeti ankangoyang'ana Evance.

Mnyamatayo anayang'ana bambo ake, anayang'ana munda wonse mpaka kumene unakathera, kenako anatola khasu. Dothi loyamba linagwera pa chigaza. Sanadzutse mutu mpaka dzenje litadzaza, ndipo a Yoramu anapondaponda pamwamba pake ndi jombo zawo.

Pamene Evance ankatembenuka, Janeti anali atafika kale panjira yopita kumalire, kachikwama kali pamutu. Evance anamuthamangira. Anamuchonderera kuti adikire pang'ono, bambo ake ndi okalamba, tsiku lina munda udzakhala wake ndipo adzanena zonse.

"Kudikira timakudziwa kwathu," anatero mtsikanayo osaima. "Takhala tikudikira kuyambira tsiku limene anatithamangitsa pano."

Anamuuza kuti kwawo mwana wamkazi woyamba aliyense amapatsidwa dzina la mkazi uja kuti lisafe, ndipo akakula amauzidwa mawu amene mayiyo anachoka akulira nawo, akuti mwamuna wanga mukamufune pa ng'anjo. Iye anabwera kudzaona ngati zinali zoona. Za kukonda munthu wa pamundapo sanazikonzekere.

"Janeti," anatero Evance.

Mtsikanayo anaima, koma sanacheuke.

"Limenelo ndi la paganyu. Dzina limene munaliletsa pano ndi Maliro. Ine ndine Maliro."