Mapilitsi a m'Sokosi

Mayi wina wosoka zovala ankayalula bedi la mwana wake wamkazi pamene sokosi inagwa kuchokera kuseri kwa matiresi, ikulira ngati muli timiyala. Ataikhuthulira patebulo la makina ake, munatuluka mapilitsi khumi ndi anayi. Anangokhala pansi.

Sabata yapitayo mwanayo, yemwe onse ankangomutchula kuti Chitsiriza, anatentha thupi, kukhosi kutatuluka zilonda zoyera. Adokotala anapereka mankhwala a masiku khumi n'kuchenjeza kuti ukasiyira panjira, matendawa amatha kukawononga mtima. Mayiyo ankazidziwa bwino. Mng'ono wake anayambanso chonchi, zilonda zakukhosi basi. Atakula ankapuma mwabefu akakwera masitepe atatu okha, ndipo anamwalira asanakwatiwe n'komwe.

Tsono m'mawa womwewo Chitsiriza anali atadandaula kuti bondo likumuwawa. Mng'ono wa mayiyo uja nayenso ankadandaula mawondo.

"Iwe, ichi n'chiyani?" anafunsa mayiyo.

Mwanayo anazyolika. "Amandibaya pomeza, amama. Ndimawabisa m'tsaya, mukatembenuka ndimalavula."

Sanamukalipire. Anasiya diresi ya kasitomala ili pansi pa singano, n'kumubereka kumsana mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu, miyendo ikulendewera.

"Amama, anzanga akundiona!"

"Akuone."

Kuchipatala anadikira pabenchi maola awiri, dzanja lili pachifuwa cha mwanayo, akuwerenga kugunda kwa mtima ngakhale sankadziwa kuti wabwino umagunda bwanji. Atalowa, anaika mapilitsi aja patebulo la adokotala n'kufotokoza zonse, ndi za mng'ono wake zomwe.

Adokotala anamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, kutsogolo, kumsana, kutsogolonso. Mayiyo anagwiritsitsa mpando mpaka zala kuchita dzanzi.

"Nanga bondoli?" adokotala anafunsa mwanayo, akulipinda.

"Ndinagwa polumpha chingwe dzulo."

"Ee, nachi chilonda chake. Mayi, mtima ukumveka bwino. Koma popeza mtsikanayu ndi katswiri wolavula, timubaya jakisoni imodzi, yokwanira. Mubwerenso naye pakatha milungu itatu ndidzamvetserenso. Akatupa mfundo kapena kubanika, musadikire tsikulo."

Chitsiriza analira mpaka anthu a pabenchi anasuzumira pakhomo. Pobwerera anakana kuberekedwa. Ankayenda kutsogolo akutsimphina, atakwiya. Mayi ake ankamutsatira pang'onopang'ono, ndipo pangodya ya msewu anakhala pamwala kaye asanapitirize ulendo.