Mbuzi Yosowa Tsamba Lomaliza

Mayi a laibulale ya pasukulu ya pulayimale ina ankasankhira ana mabuku ngati wogulitsa nsapato: kungomuyang'ana mwana kamodzi, saizi aidziwa kale. Tsiku lotsekera sukulu, ana akupita ku tchuthi chachitali cha nyengo yotentha, mzere unkafika mpaka pakhonde.

"Iwe wokonda ndewu, tenga ili la achifwamba apanyanja. Iwe wamanyazi, nali la kamtsikana kolankhula ndi mbalame. Iwe uko, kapukute kaye manja, buku langa silidya mafuta."

Ana onse ankatuluka atakumbatira mabuku, kupatula mmodzi: mwana wawo wobereka okha, amene kunyumba ankamutcha Kanyerere chifukwa chosadziwa kukhala pansi. Zimenezi zinkawapweteka mayiwo mumtima. Tchuthi chilichonse ankamuikira buku papilo. Lina Kanyerere analisandutsa chokupizira mphepo, lina anaphera ntchentche, ndipo la chaka chatha anachirikizira mwendo wa tebulo logwedera la kuchipinda kwake.

"Musadandaule, make mwana," ankatero amuna awo, amene anali ometa tsitsi. "Inenso wometa sindidzimeta ndekha."

Chaka chino mayiwo anangoti zikhale, papilo sanaikepo kanthu. Kunyumba anangobwera ndi ntchito: buku lina limene linavumbwa denga la laibulale litadontha. Chikuto chinapita, masamba onse anayoyoka, ndipo m'makona momwe munali manambala mbewa zinali zitachitamo phwando. Anayala masambawo patebulo la pabalaza, pambali guluu, singano ndi ulusi.

Kanyerere anatulukira mpira uli m'khwapa. "Amayi, mwayamba juga?"

"Ndikusanja masamba. Manambala anadyedwa, ndiye lotsatira likundivuta kupeza."

"Aa, zophweka ngati zimenezo?" Anatola tsamba limodzi, milomo n'kumagwedera. "Apa mbuzi yakwera sitima. Ndiye pakufunika pamene kondakitala akuiona. Tapatseni ilo. Ayi, osati ilo, pamenepo mbuzi ili kale pansi pa mpando."

Mayiwo anazindikira chimene chikuchitika. Ananyamuka mwakachetechete ngati munthu woopa kuulutsa mbalame, n'kupita kukayanika zovala zimene zinali zouma kale.

Anzake a Kanyerere anaitana pawindo. "Ndikubwera!" anayankha, koma osadzuka. Anaitananso, iye anangowaponyera mpirawo osatembenuka n'komwe. Bambo atabwera kudzadya masana anaima pakhomo kukamwa kuli yasa.

"Mwanayu akudwala?"

Mayi anawatsina pamkono. "Mukangolankhulanso, mugona ndi njala."

Dzuwa litapendeka, mfuu inamveka pabalaza.

"Amayi! Tsamba lomaliza palibe! Mbuzi yatsika pasiteshoni, mwini wake sakuoneka, basi zathera pomwepo!"

Anamupeza atakwawira pansi pa tebulo, akusuzumira ngakhale m'nsapato za bambo ake, misozi ili lengelenge.

"Ndikuuze mmene zinathera, mwanangu?"

"Ayi! Ndikufuna ndiwerenge ndekha." Anadzuka n'kugwira m'chiuno. "Komanso inu amayi muli ndi tsankho. Mabuku okoma chonchi mumangopatsa ana a eni. Ine bwanji simundibweretsera?"

Bambo anatsamwa ndi tiyi. Mayi anayesetsa kuumitsa nkhope, koma chimwemwe chinali chitawafika kale m'maso. Laibulale inali ndi mabuku awiri a nkhani imeneyi, ndipo komwe kunali linzakelo ankakudziwa bwino.

"Pita kuchipinda kwako," anatero, "ukanyamule mwendo wa tebulo lako."

Kanyerere anawayang'ana modabwa, kenako anathamanga. Kunamveka kukhuluka, mapensulo akugwa, kenako zii. Mayi atasuzumira anamuona atakhala pansi, buku lafumbi lili pamiyendo. Pachikuto panali mbuzi itasuzumira pawindo la sitima, pamphumi pake pali chidindo cha mwendo wa tebulo.

"Musandisokoneze, amayi," anatero osadzutsa mutu. "Ndayambiranso poyamba."

Tebulo lija likugwederabe mpaka lero, ndipo mayi a laibulale analetsa aliyense kulikonza.